Mafunso ndi mayankho: kulowa m'mafilimu oopsa kudzera m'nkhani zochokera m'mabuku

Pali anthu amene amalakalaka kuonerako mafilimu oopsa koma amazengereza, chifukwa chimene anaonapo ndi kachidutswa ka magazi okhaokha, kapena nkhope yoipa yotulukira mwadzidzidzi mumdima. Mafunso otsatirawa ndi amene munthu wotere amakhala nawo. Maganizo anga ndi akuti khomo labwino lolowera ndi mafilimu amene nkhani zake zinayamba zalembedwa m'buku, ngakhale kuti si onse otero amene ndi oyenera kuyambira.

N'chifukwa chiyani ndiyambire pa mafilimu ochokera m'mabuku?

Wolemba buku alibe nyimbo yokugunditsani mtima, alibenso chitseko chomenyetseka mwadzidzidzi kuti mudzidzimuke. Ali ndi mawu papepala basi, ndipo inu mukhoza kutseka bukulo nthawi ina iliyonse. Kuti akugwireni, amayamba wakudziwitsani munthu wa m'nkhaniyo, mavuto ake ndi zimene amakhumba, mpaka muyambe kumudera nkhawa. Zoopsa zikamabwera, mumaopera munthu amene mwamuzolowera. Filimu ikatengedwa ku buku lotere, kawirikawiri imatengera khalidwe limeneli.

Taonani Carrie. Ili linali buku loyamba la Stephen King kusindikizidwa, mu 1974, ndipo Brian De Palma analisandutsa filimu mu 1976. Mbali yaikulu ya filimuyi ndi nkhani ya mtsikana amene anzake akusukulu amamutonza, kunyumba mayi ake amamuopseza ndi kumutsekera m'kachipinda. Mukamafika pa usiku wa dansi pamene zonse zikuphulika, mumakhala mutamumvera kale chisoni, moti mantha ndi chifundo zimabwera pamodzi. Sissy Spacek amene anasewera Carrie ndi Piper Laurie amene anasewera mayi ake, onse awiri anasankhidwa kupikisana nawo pa Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu ku America, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri kwa osewera m'mafilimu oopsa.

Mantha otere amapiririka kwa woyamba kumene, chifukwa muli ndi nkhani yoti mugwire. Simukungodikira kuti chidzidzimutso chotsatira chibwera liti.

Ndine wamantha kwambiri. Ndiyambire pa filimu iti?

Yambani ndi The Haunting ya mu 1963, imene Robert Wise anapanga kuchokera m'buku la Shirley Jackson la mu 1959, The Haunting of Hill House. Samalani posankha, chifukwa palinso ina ya dzina lomweli ya mu 1999 imene inadzaza zinthu zojambulidwa pakompyuta, ndipo ilibe mphamvu ya yoyambayo.

M'filimu ya 1963 simuona mzukwa ngakhale umodzi, simuonanso magazi. Anthu ochepa akupita kukagona m'nyumba yaikulu yakale kuti aone ngati mbiri yake ili yoona. Pakati pawo pali Eleanor, mayi amene watha zaka zambiri akudwazika mayi ake ndipo alibe kwawo kwenikweni. Usiku kumamveka kugunda kwamphamvu m'makoma, chitseko chimapindika ngati chikukankhidwa ndi chinthu chachikulu. Pali pamene Eleanor, ali mumdima, akugwira dzanja mwamphamvu poganiza kuti ndi la mnzake wogona naye m'chipindamo. Nyali itayaka, akupeza kuti mnzakeyo ali kutali, mbali ina ya chipinda. Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti Eleanor akuiopa nyumbayo koma akuikondanso, chifukwa ndi malo oyamba amene akumva kuti akufunidwa. Mukamaliza kuonera mumatsala ndi funso lakuti kodi chinali m'nyumbamo kapena mumtima mwake.

Yofanana nayo ndi The Innocents ya mu 1961, yochokera m'nkhani ya Henry James ya mu 1898, The Turn of the Screw. Deborah Kerr akusewera mlezi wa ana awiri amasiye amene akukhulupirira kuti mizimu ya antchito awiri omwalira ikuwafuna anawo.

Ngati mukufuna yatsopanoko, pali The Woman in Black ya mu 2012, yochokera m'buku la Susan Hill la mu 1983, koma iyi ili ndi zodzidzimutsa zambiri kuposa ziwiri zija. Muiike yachitatu.

Ndiyambe kuwerenga buku kapena kuonera filimu?

Kwa wamantha, buku liyambe. Mukadziwa kumene nkhani ikupita, zodzidzimutsa zimachepa mphamvu, ndipo mumakhala ndi mpata woona luso la opanga filimu: kumene aika kamera, pamene atontholetsa nyimbo, zimene asankha kubisa. Powerenga mumadziikiranso nokha muyezo, chifukwa maganizo anu sajambula choposa chimene mungathe kupirira pa nthawiyo.

Pali imodzi imene ndinganene kuti muyambe filimu: Psycho. Robert Bloch analemba bukuli mu 1959, Alfred Hitchcock anatulutsa filimu mu 1960, ndipo analamula kuti m'nyumba zoonetsera mafilimu asalole munthu kulowa filimu itayamba kale. Ankadziwa kuti mphamvu yake ili pa kusadziwa. Ngati palibe amene anakuuzanipo mathero ake, muli ndi mwayi, ndipo musafufuze.

Kodi mafilimuwa amatsatira mabuku ake mokhulupirika?

Ena inde, ena ayi, ndipo kusiyanako n'kumene kumaphunzitsa zambiri. Yankho ili likuulula mathero a nkhani zingapo, choncho amene sakufuna kudziwiratu alumphe.

Mkangano wodziwika kwambiri ndi wa The Shining. King anatulutsa bukuli mu 1977, Stanley Kubrick anapanga filimu mu 1980, ndipo King sanabise kuti sanaikonde. M'buku, Jack Torrance ndi bambo wokonda mkazi wake ndi mwana wake, amene akulimbana ndi uchidakwa ndi ukali, ndipo hotela ya Overlook imene akuilondera nyengo yachisanu ikumudya pang'onopang'ono. Owerenga amamuona akuyesetsa, akugwa, akuyesanso. M'filimu, Jack Nicholson akuoneka kuti zinthu sizili bwino m'mutu mwake kuyambira pachiyambi penipeni. King anadandaulanso kuti Wendy, mkazi wa Jack, amene m'buku ndi mayi wolimba mtima, m'filimu anamusandutsa wongolira ndi kukuwa. Mathero akusiyananso: m'buku makina otenthetsera hotela akuphulika, hotelayo n'kupsa, m'filimu Jack akufa ndi chisanu panja, hotela n'kutsala chiimire. King anafika polemba yekha ina ya pa TV imene inaonetsedwa mu 1997.

Ine ndimaona kuti onse awiri anachita ntchito yabwino, kungoti anafotokoza mantha osiyana. King analemba za munthu woopa kuti adzavulaza amene amawakonda. Kubrick anajambula mantha a mkazi ndi mwana otsekeredwa ndi munthu amene sakumudziwanso. Mukawerenga ndi kuonera, mumapeza nkhani ziwiri.

Nthawi zina filimu imawonjezera chinthu chimene anthu amadzaganiza kuti chinali m'buku. Ring ya Koji Suzuki wa ku Japan, ya mu 1991, ndi nkhani ya tepi ya vidiyo imene woionera amafa pakatha masiku 7. Chithunzi chimene aliyense amakumbukira, cha mzukwa wa mtsikana Sadako ukukwawa kutuluka mu TV tsitsi litaphimba nkhope, ndi cha m'filimu ya Hideo Nakata ya mu 1998; m'buku mulibe. Nakata anasinthanso mtolankhani wofufuza nkhaniyo, amene m'buku ndi mwamuna, kukhala mkazi wolera yekha mwana.

Nthawi zinanso filimu imachepetsa. M'buku la King la Misery, Annie Wilkes akudula phazi la mkaidi wake ndi nkhwangwa. M'filimu akumuthyola akakolo ndi hamala. Koma The Mist ya mu 2007 inachita zosiyana: Frank Darabont anaipatsa mathero owawa kwambiri kuposa a nkhani ya King, ndipo King anawayamikira. Imeneyo musayambire.

Kusintha kumene ndimamva nako chisoni ndi kwa Frankenstein. M'buku la Mary Shelley la mu 1818, cholengedwacho chimaphunzira kulankhula ndi kuwerenga, ndipo chimamufunsa amene anachipanga chifukwa chimene anachisiyira chokha. M'filimu ya James Whale ya mu 1931 sichilankhula, chimangobuula. Boris Karloff anachisewera mogwira mtima, koma mafunso ake aja anatsala m'buku.

Mafilimu akale opanda mitundu aja, kodi amaopsabe?

Ena saopsanso monga ankaopsera, ndipo kwa woyamba kumene zimenezi n'zothandiza. Dracula ya mu 1931, imene Bela Lugosi anasewera, lero imayenda pang'onopang'ono, koma mukaionera mumadziwa chimene chinatchukitsa chovala chakuda chija ndi kayankhulidwe kamene aliyense amatsanzira.

Nosferatu ya mu 1922 ndi ina. F. W. Murnau anaipanga ku Germany, yopanda mawu, potengera buku la Bram Stoker la mu 1897 popanda chilolezo. Anasintha mayina, Dracula n'kukhala Orlok, koma mkazi wamasiye wa Stoker anakasuma ndipo khoti linalamula kuti makope onse awonongedwe. Ena anapulumuka, n'chifukwa chake tikuionera mpaka lero, ndipo Robert Eggers anaipanganso mu 2024. Mfundo yakuti woyamwa magazi amafa ndi kuwala kwa dzuwa inafala kuchokera m'filimu imeneyi. M'buku la Stoker, Dracula amayenda masana m'misewu ya London, kungoti mphamvu zake zimachepa. Chithunzithunzi cha Orlok chikukwera masitepe, zala zazitali zili patsogolo, chimachititsabe tsembwe ngakhale patha zaka zoposa 100.

Mafilimu otere amafuna kudekha, ndipo paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikani foni kutali. Mukamaonera uku mukuyankha mauthenga, mudzati ndi osasangalatsa.

Ndiye kuti onse ochokera m'mabuku ndi ofatsa?

Ayi ndithu. Hellraiser ya mu 1987, imene Clive Barker anapanga kuchokera m'nkhani yake yomwe, ndi yodzaza mabala ndi magazi. The Thing ya John Carpenter ya mu 1982, yochokera m'nkhani ya John W. Campbell ya mu 1938, imaonetsa matupi akung'ambika ndi kusandulika. Audition ya ku Japan ya mu 1999, yochokera m'buku la Ryu Murakami, imayamba ngati nkhani ya bambo wofuna mkazi, koma mphindi zake zomaliza zagonjetsa ngakhale ozolowera. Kuchokera m'buku kumangokulonjezani kuti pali nkhani; sikukulonjezani kuti maso anu atetezeka.

Kodi zizindikiro za zaka zimene amalemba pa filimu n'zodalirika?

Zimathandiza, koma muziyang'ananso chaka chimene filimu inatuluka. Ku America amagwiritsa ntchito G, PG, PG-13, R ndi NC-17, kuyambira yoyenera aliyense mpaka ya akuluakulu okha. Ku Britain U, PG, 12A, 15 ndi 18. Chizindikiro cha PG-13 chinayamba mu 1984, choncho filimu ina yakale yolembedwa PG ndi yolemera kuposa mmene mungaganizire. Jaws ya mu 1975 ndi PG, chonsecho muli mwana wodyedwa ndi shaki. The Woman in Black inapatsidwa 12A ku Britain ataidulako pang'ono, komabe bungwe lopereka zizindikirozi linalandira madandaulo ambiri akuti ndi yoopsa kwa ana.

Zizindikirozi zimayeza makamaka zooneka ndi maso ndi zomveka m'makutu: magazi, umaliseche, kutukwana. Siziyeza bwino nkhawa imene imatsala mumtima. Coraline ya mu 2009, yochokera m'buku la Neil Gaiman, ndi ya zidole ndipo ndi PG, koma nkhani ya mayi wina wa maso a mabatani amene akufuna kusunga mwana kwamuyaya imasowetsa tulo ana ena. Kholo liyambe laionera lokha.

Ena amalemba kuti nkhaniyi inachitikadi. Zoona?

Kawirikawiri pamakhala kachinthu kochepa koona, ndipo zina zonse n'zopeka. William Peter Blatty ali wophunzira pa yunivesite ya Georgetown anamva za mwambo wotulutsa chiwanda umene unachitidwa pa mnyamata wina mu 1949. Pamenepo anamangapo The Exorcist, buku la mu 1971, koma mtsikana Regan, mayi ake ndi ansembe a m'nkhaniyo ndi anthu opeka.

The Amityville Horror, buku la Jay Anson la mu 1977 limene linakhala filimu mu 1979, ndi lovutirapo. Kuphedwa kwa anthu 6 a banja limodzi m'nyumba imeneyo mu 1974 kunachitikadi, ndipo wopha anaweruzidwa. Koma za mizimu imene akuti inathamangitsa banja lotsatira, anthu ambiri ofufuza anazitsutsa. Mawu akuti zinachitikadi amagulitsa filimu. Zimandipweteka kuti pa nkhani ngati imeneyi anthu anafadi, koma amakumbukiridwa ngati chiyambi chabe cha nthano ya mizukwa.

Chikumbumtima changa sichindilola kuonera za ziwanda ndi mizimu. Pali zina?

Zilipo zambiri, ndipo musadzikakamize kuti musangalatse anzanu. Mantha a m'mafilimu sachokera ku mizimu kokha.

Misery ya mu 1990, imene Rob Reiner anapanga kuchokera m'buku la King la mu 1987, ilibe mzimu uliwonse. Wolemba mabuku wachita ngozi ya galimoto, namwino wina wakale amene amakonda mabuku ake wamutola n'kumusunga m'nyumba mwake, ndipo sakufuna kuti achoke. Pafupifupi zonse zikuchitika m'chipinda chimodzi pakati pa anthu awiri. Kathy Bates analandira Oscar chifukwa cha mmene ankasinthira kuchoka pa kukoma mtima kupita ku ukali m'kanthawi kochepa. Jaws, yochokera m'buku la Peter Benchley la mu 1974, ndi ya nsomba basi. Shaki yamakina imene Steven Spielberg ankagwiritsa ntchito inkawonongeka kawirikawiri, motero anakakamizika kuibisa nthawi yaitali, ndipo kubisako ndi nyimbo ya John Williams n'zimene zinaopsa anthu. The Birds ya mu 1963, yochokera m'nkhani yaifupi ya Daphne du Maurier, ndi ya mbalame zoukira anthu popanda chifukwa chodziwika.

Kwa amene akufunsa za The Exorcist makamaka, ndinene izi. Blatty anali Mkatolika, ndipo ankaiona ngati nkhani ya chikhulupiriro. Pakati pake pali Bambo Karras, wansembe amene chikhulupiriro chake chikuzilala ndipo akudziimba mlandu chifukwa cha imfa ya mayi ake. Filimu ya William Friedkin ya mu 1973 inali yoyamba ya mtundu woopsa kupikisana nawo pa Oscar ya filimu yopambana zonse, ndipo Blatty analandira Oscar ya kalembedwe. Komabe ili ndi mawu onyoza zopatulika ndi zithunzi zonyansa kwambiri, moti opemphera ena amailemekeza pamene ena safuna n'kuiyandikira komwe. Onsewo ndimawamvetsa. Si yoyambira mulimonsemo.

Kodi zonse ndi za ku America ndi ku Britain?

Ayi. Kupatula Ring, Japan ili ndi Kwaidan ya mu 1964, imene Masaki Kobayashi anapanga kuchokera m'nthano zakale zimene Lafcadio Hearn anasonkhanitsa. Ndi nkhani 4 zosiyana, zojambulidwa mokongola kwambiri, ndipo mukhoza kuonera imodzi lero ina mawa. Kwa woyamba kumene ndi yabwino zedi.

Ku Sweden kuli Let the Right One In ya mu 2008, yochokera m'buku la John Ajvide Lindqvist la mu 2004, amene analembanso yekha mawu a filimuyo. Oskar, mnyamata wa zaka 12 wozunzidwa kusukulu, akupalana ubwenzi ndi Eli, mwana wosamukira nyumba yoyandikana nayo amene amatuluka usiku wokha. Muli magazi, koma chimene chimatsala ndi kusungulumwa kwa ana awiriwo. Apa filimu ndi yopepukirapo kuposa buku, limene lili ndi mbali zina zowawa kwambiri zimene sanazijambule.

Onerani m'chilankhulo chake, muziwerenga mawu olembedwa pansi. Onse awiri, Ring ndi Let the Right One In, anapangidwanso ku America, mu 2002 ndi mu 2010, koma yambani ndi oyambirirawo.

Dzina la Stephen King likubwera kawirikawiri. Kodi zonse zake n'zoopsa?

Si zonse. Stand by Me ya mu 1986 ndi The Shawshank Redemption ya mu 1994 zinachokera m'nkhani zake, ndipo si mafilimu oopsa. Si mafilimu onse otengedwa kwa iye amene ali abwino. Alipo ambiri ofooka. It, buku la mu 1986 la masamba oposa 1,000, linagawidwa m'mafilimu awiri, mu 2017 ndi mu 2019, ndipo yoyambayo, ya ana okhaokha, ndi imene ili ndi mtima.

Ndikaonera sindigona. Nditani?

Thupi silisiyanitsa msanga choopsa chenicheni ndi cha pa kanema. Mtima umathamanga, minofu imakungika, ndipo zimatenga nthawi kuti zikhazikike. Choncho musaonere kenako n'kupita kukagona nthawi yomweyo. Onerani masana kapena madzulo oyambirira, muli ndi mnzanu, nyali ili chiyakire. Zikafika povuta, chepetsani mawu m'malo motseka maso, chifukwa mbali yaikulu ya mantha imalowera m'makutu. Yesani kuonera mphindi yotchuka ya m'bafa ya mu Psycho popanda nyimbo ya Bernard Herrmann, mudzaona kusiyana kwake. Mukamaliza, kambiranani zimene mwaona, kapena werengani mmene anaijambulira.

Kusiya filimu pakati si kulephera. Ndipo ngati nkhani yake ikukhudza chinthu chowawa chimene chinakuchitikirani, monga imfa ya mwana kapena nkhanza za m'banja, fufuzani kaye zimene zili m'filimuyo musanaiyambe. Don't Look Now ya mu 1973, mwachitsanzo, yochokeranso kwa du Maurier, ndi filimu yapamwamba, koma ikuyamba ndi mwana womira m'madzi.

Ndikazolowera, ndipite kuti?

Tsatirani mizere yochokera ku mabuku omwewa kupita ku mafilimu amene sanachokere m'buku. Ngati munakonda Psycho, pitani ku Halloween ya mu 1978: John Carpenter anapatsa dokotala wa m'filimuyi dzina la Sam Loomis, lochokera mu Psycho, ndipo Jamie Lee Curtis amene akusewera mtsikana wosakidwayo ndi mwana wa Janet Leigh, amene mu Psycho anasewera mkazi wa m'bafa uja. Ngati munawerenga I Am Legend ya Richard Matheson ya mu 1954, onerani Night of the Living Dead ya mu 1968, imene George Romero anavomera kuti maganizo ake anawatenga m'bukulo. Ngati Rosemary's Baby ya mu 1968, yochokera m'buku la Ira Levin, inakugwirani ndi mantha a munthu amene onse omuzungulira akumumwetulira pamene akumukonzera chiwembu, Get Out ya Jordan Peele ya mu 2017 ikuyenda njira yomweyo, ndipo Peele anaitchula pakati pa mafilimu amene anaphunzirako.

The Silence of the Lambs ya mu 1991, yochokera m'buku la Thomas Harris la mu 1988, muisunge mpaka mutaonerako angapo. Inatenga mphoto zazikulu zonse 5 za Oscar: filimu yopambana, wotsogolera, wosewera wamwamuna, wosewera wamkazi ndi kalembedwe. Ili ndi zithunzi zolemera za mitembo ndi za munthu wosungidwa m'dzenje, choncho ikhale pafupi ndi The Shining ndi The Exorcist, osati ndi The Haunting.